Nkhungu za M'nyanja ya Mchere

Wandifunsa kambirimbiri, Tafika, chifukwa chimene ndimatsitsira galasi la galimoto n'kuomba m'manja katatu tikamadutsa pa mlambe uja wa kufupi ndi mlatho wa Lisungwi. Abambo ako amangoti amayi ako ali ndi zawo. Lero magetsi athima, foni yako yatha moto, ulibe kothawira. Sendeza mbaulayo kuno umve, ndipo usandidule mawu monga umachitira muja.

Usanabadwe ndinkagwira ntchito yoyeza madzi mu labotale. Chaka china panafunika munthu woti akathandize pa sitima ya kafukufuku yonyamukira ku Beira, ndipo dzina langa linatuluka. Unali ulendo wa milungu isanu ndi umodzi pa nyanja yaikulu ya mchere, kumene ukayang'ana uku ndi uku mtunda suoneka. Ine wa ku Dowa, woti ngakhale bwato ndinali ndisanakwerepo, ndinapita ndikudzitama ngati ndinabadwira m'madzi.

Tinkafufuza cheza cha nyukiliya. Cheza chimenechi sichioneka, sichinunkha, sichiwawa pa lilime, koma chikalowa m'thupi chimamudya munthu mwakachetechete, ndipo mwana wa m'mimba ndiye chimayamba naye. Panali mbiri yoti kalekale sitima ina inamira cha kumeneko itasenza migolo ya zinyalala zoopsa. Pofuna kudziwa ngati migoloyo yayamba kudontha, sitinkachita kutsikira pansi pa nyanja ayi. Tinkakola tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, timene asayansi amati pulankitoni. Timeneti timameza chilichonse chimene chili m'madzi, nsomba n'kumeza timeneti, anthu n'kudya nsombazo.

M'bandakucha uliwonse tinkaponya ukonde wa maso aang'ono kuposa a neti ya udzudzu, sitima n'kumaukoka pang'onopang'ono. Ukatuluka unkabwera ndi phala lofiirira, lodzaza tizinthu tonga tinkhanu tosakwana njere ya mpunga. Ine ndinkatapako pang'ono, kuumitsa, kuwotcha mpaka phulusa, n'kuika m'bokosi la mtovu mmene makina ankawerenga cheza kwa masiku atatu athunthu. Zotsala mu ndowa tinkabwezera m'nyanja. Panalinso kamakina kam'manja kamene kamalira kuti the, the, the kakamva cheza pafupi. Ine ndinkakatcha kankhululu.

Pa sitimapo tinalipo anthu makumi awiri ndi atatu. Mkulu wathu anali Dokotala Faustina, mayi wa ku Tete, wolankhula Chinyanja cha kwawo, wosaseka wamba. Mmalawi mnzanga analipo mmodzi yekha, a Mkwapatira a ku Nkhotakota, amene ankatiphikira. Anali atayenda pa sitima zaka zambiri, imvi mbuu, koma pakamwa ngati wailesi. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa mfunda wanga, n'kugamula kuti ndine mphwawo. Kuyambira pomwepo ine ndinali Nankhoma, iwo malume.

Mlungu wachiwiri ndi pamene ndinazindikira kuti ndanyamuka kumudzi ndili ndi pakati. Uzimvetse bwino pamenepa. Ine ndi abambo ako tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi. Mimba zitatu zinapita padera. Achibale anali atasiya kufunsa, ndipo kusiya kwawoko kunkandipweteka kuposa mafunso. Ndiye nditadziwa kuti iwe ulimo, ndinakhala pa kabedi kanga n'kulira, chimwemwe ndi mantha pamodzi. Sindinauze munthu.

Koma wophika sabisidwa kanthu. Tsiku lina ndikukankha mbale ya mbatata, a Mkwapatira anandiyang'ana cham'mbali.

"Nankhoma, nyanjayi inaleka kalekale kugwedeza anzako. Iwe wekha ikukugwedezabe?"

"Ndi chakudyachi, malume. Cha m'zitini chandikola."

"Ehe. Nanga mtima ukufuna chiyani?"

"Usipa," ndinatero, misozi ili m'maso ngati mwana. "Ngakhale kamodzi kokha, kouma, ka mchere."

Sanafunsenso. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mulungu ndi wamkulu, mphwanga."

Nkhuli ya munthu woyembekezera usamaiseke, Tafika, udzaiona. Ndinkalota usipa. Ndinkamva fungo lake mu sopo. M'mawa wina, tili pa malo a khumi ndi chitatu oponyapo ukonde, ndinanyamula ndowa ya zotsala kuti ndikakhuthule, ndipo a Mkwapatira anandiimitsa panjira. Anasuzumira mu ndowamo, kutapa ndi chala, kununkhiza.

"Anthu inu masiku onsewa mukutaya ndiwo?"

"Si ndiwo izi, malume."

"Iwe wa ku Dowa ungadziwe chiyani? Izi ndi nkhungu, kungoti za m'nyanja ya mchere."

Nkhungu ndi tizilombo tija timatuluka m'nyanja ya kwathu ngati utsi. Anthu a kunyanja amatikola ndi malichero, kutiumba timibulu, kutiyanika, ndipo amati ndiwo yake munthu umaluma chala. A Mkwapatira anati akaumba izi chimodzimodzi, kuziumitsa, kuzikazinga ndi tomato, ndidzaiwala usipa.

Lamulo ndinkalidziwa. Chotuluka mu ukonde sichipita pakamwa bokosi la mtovu lisanayankhe. Ndine ndemwe ndinalemba lamulolo pa chitseko. Koma malo khumi ndi awiri onse anali atatuluka oyera, ndipo Mmalawi kuona ndiwo zikutayidwa mtima umamuwawa. Sukulu yanga yonse inathera pomwepo. Ndinawapatsa ndowayo.

Anaumba timibulu tisanu, n'kutiyanika pa thireyi kuseri kwa chumuni cha sitima, malo ofunda amene sikunkafika anthu. Anati pofika mawa tidzakhala titauma.

Masana omwewo kunagwa chifunga. Amalinyero anati sanaonepo chifunga chotere nyengo imeneyo. Chinakuta sitima yonse moti munthu ukatambasula dzanja zala sizinkaoneka bwino. Mphepo inaleka. Nyanja inangoti bata, ndipo timibulu tija tinakana kuuma.

Madzulo ake ndinapeza a Mkwapatira ataima pa sinki, akuwerenga mbale mobwereza.

"Tilipo angati pa sitima pano?"

"Makumi awiri ndi atatu."

"Nanga iyi ndi ya yani?"

Inali mbale yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, yosupuka m'mbali, ya mtundu umene unkapezeka m'masitolo a amwenye kalekale. Mbale za pa sitimapo zinali zapulasitiki zonse. Anaipeza pa thebulo pamodzi ndi zinzake, ili yonyowa, yopanda chakudya. Tinafunsa aliyense, palibe anaidziwa. A Mkwapatira anaipukuta n'kuiika pa shelefu. M'mawa mwake anaipezanso pa thebulo, kumapeto kwenikweni, ili yonyowa.

Tsiku lachiwirilo anati basi, akazinga timibuluto ngakhale tisanaumitse. Anapita kukatenga chiwaya, chiwaya palibe. Tinachipeza patapita ola chikulendewera kunja kwa chitsulo chotchinga m'mphepete mwa sitima, chomangidwa ndi mfundo imene ngakhale amalinyero anavutika kumasula. Atabwera nacho, chitini cha mchere chinali chopanda kanthu, chotsukidwa bwinobwino. Anakatenga mchere wina ku sitolo. Atangoika chiwaya pa chitofu, chitofu chinazima. Akachotsa chiwaya, chitofu chiyaka. Akaikapo mphika wa mpunga, chiyaka. Akabwezerapo chiwaya, zii.

"Pali wina akundiseweretsa," anatero, koma mawu awo sanali a munthu wokwiya. Anali kuyang'ana kukhomo.

Nanenso ndinali nditamva fungo lochokera kumeneko. Fodya wa chingambwe, wopichira m'makoko a chimanga, ngati amene ankasuta agogo ako aamuna. Pa sitima ya kafukufuku sasuta, ndipo chingambwe angachipeze kuti munthu pakati pa nyanja?

Tinapita limodzi kuseri kwa chumuni kukaona timibulu tija. Timibuluto tinalipo tonse tisanu. Koma pansi panali mapazi. Mapazi onyowa, opanda nsapato, ochokera m'mphepete mwa sitima kumene kulibe makwerero, kulibe chilichonse koma madzi. Anafika pa thireyi, kuizungulira kangapo, ngati mmene amachitira munthu wolondera nkhokwe. Phazi lakumanzere linalibe chala chachikulu. Obwerera sitinawaone.

A Mkwapatira, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anangoti, "Tiye tizipita, mphwanga." Tikutsika makwerero anawonjeza kuti, "Ndiwo zimenezi tiziiwale. Chifungachi chikachoka ndikazitaya."

Munthu wanzeru akanamvera. Koma amayi akowa ukuwadziwa. Usiku wonse ndinkangoganiza timibulu tija. Ndinkadziuza kuti mapazi ndi a mmalinyero wina, fungo ndi mphuno za mimba, chitofu ndi mawaya. Tsiku lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, anthu onse ali ku chakudya, ndinakwera ndekha. Ndinati ndingobenthulako pang'ono, kongolawa.

Chifunga chinali chikadalipo. Injini anali atazimitsa, moti ndinkamva madzi akudontha penapake, dontho limodzilimodzi. Nditakhota pa chumuni ndinaona kuti pafupi ndi thireyi pakhala munthu. Anakhala chonjuta, atandifulatira, atafunda chinthu chonga chiguduli. Kudontha kuja kunkachokera pa iye.

Miyendo inafuna kuthawa, koma pakamwa panatsogola. Mwana woleredwa sadutsa wamkulu chamchetechete.

"Zikomo," ndinatero, ndikuwerama pang'ono.

Kenako anayankha, mawu otsika, okhala ngati atopa.

"Zikomo, mayi."

Chinali Chichewa, Tafika. Chichewa chakale, chokoka, chimene ndinachimva komaliza kwa nkhalamba za kumudzi ndili mwana. Tsitsi linandiima, komabe penapake mumtima ndinamva ngati ndakumana ndi wachibale pa depoti ya kutali.

"Kwanu n'kuti, mayi?"

"Ku Dowa, gogo."

"Kumtunda." Anafunsanso kuti, "Kodi milambe ikadalipo kuchigwa kuja?"

"Ikadalipo."

"Mvula ikumagwa?"

"Zaka zina imagwa, zina ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osatembenuka. Nkhope yake sindinaione, ndipo usandifunse. Ndinangoona khosi lowonda, ndi phazi limodzi lotulukira pansi pa chigudulicho.

"Ndiwo izi zachokera kwathu kuno," anatero. "Ife tagona nazo zaka zambiri. Si zodya."

Apa ndiye pochititsa manyazi. Ndinamva mawuwo bwinobwino, koma fungo la timibulu tija linali litandifika m'mphuno. Dzanja linapita lokha. Ndinatola kamodzi.

"Wakhala m'mimbamoyo walakwanji, mayi?"

Palibe ankadziwa kupatula a Mkwapatira. Ndinaima chilili, kambulu kali m'manja, kutalika kwake ndi pakamwa ngati apa ndi apa. Kenako china chake chozizira, chonyowa, chinandigwira pa mkono. Sichinafinye. Chinangotsitsa dzanja langa pansi mofatsa, monga umachitira ndi mwana amene watola mpeni.

Pomwepo ndinamva the. Kenako the, the. Kenako kulira kosalekeza ngati matalala pa malata. Pa thireyi, pakati pa timibulu tinayi totsala, panali kankhululu kanga, muvi wake utagunda kumapeto. Ndinataya kambulu kaja. Nditacheuka, pamene panakhala munthu panali chithaphwi cha madzi basi.

Anthu anabwera akuthamanga, atamva kulira kwa kamakinako. Dokotala Faustina atangoona muvi uja anabweza aliyense m'mbuyo, n'kundikokera ku mpope. Anandisambitsa manja kanayi, kundiyeza, kundisambitsanso. Kenako anandigwira mapewa.

"Mwadyako?"

"Ayi."

"Ndiyang'aneni. Ngakhale kunyambita?"

"Ayi, Dokotala. Ndili ndi pakati."

Mayi wosaseka uja anakhala pansi pomwepo, pa chitsulo chonyowa, n'kugwira kumutu. Atadzuka anandikalipira mawu amene sindingakubwerezere, ndipo onse ndinkayenera. A Mkwapatira nawo anawayeza manja ndi zovala, n'kuwasambitsa ngati khanda. Anapezeka ali bwino, kungoti ankangobwereza kuti, "Ndikanapha mphwanga ndi manja angawa."

Madzulo bokosi la mtovu linamaliza masiku ake atatu, ndipo linanena zomwezo. Migolo ija inali itabooka. M'timibulu tija anapezamo tinjere tating'ono ngati mchenga, tochokera m'migolomo. Dokotala anati pa khungu, kwa kamphindi, si kanthu kwenikweni. Koma tikanalowa m'mimba, tikanakhazikika momwemo.

Titatsala awiri ine ndi Dokotala, anandifunsa kuti, "Kamakina kaja munakatenga bwanji?"

"Sindinakatenge. Ndinakapeza pa thireyi."

Anapisa m'thumba la malaya awo n'kutulutsa mabatire awiri. "Ndinakatsekera m'kabati yanga dzulo. Kanayamba kuvuta, ndiye ndinachotsa awa kuti ndikaikemo atsopano." Anawayang'ana kanthawi, n'kuwabwezera m'thumba. Mu lipoti lawo zimenezi sanalembemo.

Ndinawafotokozera za munthu uja. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndi malungo. Koma anati agogo awo ankagwira ntchito padoko, ndipo ankanena kuti sitima za masiku amenewo zinkatola anyamata onyamula katundu pomwepo padoko, osawalemba n'komwe maina. Ambiri anali ochokera kwathu kuno, oyenda pansi kudzafuna ntchito. Sitima ikamira, ankawerenga azungu ndi katundu.

A Mkwapatira atamva anati, "Ndi mtchona ameneyo. Anachoka kwawo, kwawo anamudikira mpaka kutopa."

"Ndimuthokoza bwanji, malume? Ndithire ufa m'nyanja?"

"Ufa adya ndi yani kuno? Munthu wakufunsa za milambe, wakufunsa za mvula. Sukumva chimene akufuna?" Anatsitsa mbale yachitsulo ija pa shelefu. "Masiku atatu wakhala akubwera ku thebulo ndi mbale yake, ife osamulonjera. Kwathu maliro akamachokera kutali, timawauza njira. Ukapanda kuwauza, galimoto imafa panjira. Mutenge, uzimuuza pamene mwafika."

"Nanga kwawo ndikudziwa?"

"Iye akudziwa."

Mbaleyo ndinaiyeza ndi makina onse amene tinali nawo. Inali yoyera. Ndinaikulunga m'chitenje changa chatsopano. M'mawa mwake chifunga chinali chitachoka, ndipo sitima inatembenuka kubwerera kudoko kuti akachenjeze asodzi.

Anzanga anandipezera ndege, ine ndinakana. Munthu woti anachoka kwawo wapansi, ungamubweze m'mwamba, njira angaizindikire? Ndinakwera basi. Mpando wa pawindo ndinaikapo chitenje chija, ine n'kukhala wa m'kati. Tikunyamuka ndinanong'ona kuti, "Gogo, tikuchoka pa Beira. Tiyeni." Ndinamva manyazi, sindikubisira. Koma pa Chimoio ndinanenanso kuti, "Tafika pa Chimoio, gogo." Pa Tete ndinati, "Gwirani bwino, tikuoloka Zambezi." Mayi wina wa mpando wakutsogolo anatembenuka kundiyang'ana, n'kusuntha mwana wake. Pa chipata cha Zobue msilikali anamasula chitenjecho, kuona mbale yakale, kundiyang'ana kumaso, n'kuchimanganso bwinobwino ndi manja awiri.

"Tafika pa Mwanza, gogo," ndinatero titaoloka malire. "Kuno ndi kwanu tsopano. Ine njira yanu sindikuidziwa. Mukaona pakwanu, munene."

Basi inatsetsereka kulowa kuchigwa. Dzuwa linali paliwombo, kukutentha, anthu ambiri akuwodzera. Milambe inayamba kuoneka, umodzi uku, iwiri uko. Fungo la chingambwe linabwera pang'onopang'ono, mpaka bambo wina kumbuyo anadandaula kuti ndani akusuta m'basi.

Tisanafike pa mlatho wa Lisungwi, dalaivala anapatutsa basi n'kuima. Chitseko chinatseguka. Panalibe siteji, panalibe nyumba pafupi, koma mlambe umodzi waukulu ndi kanjira kolowera kutchire. Kondakitala anadikira, kuyang'ana m'basi monse.

"Wotsika ndani?"

Anthu anangoyang'anana.

"Madala ena anena kuti nditsika pano," anatero dalaivala. "Ndawamva ndi makutu angawa, kukhutu kwenikweniku."

Ndinaimirira. Mpando wa pawindo unali wonyowa, ndipo madzi ake atauma anasiya mchere. Ndinapempha dalaivala kuti andidikire pang'ono. Ndinatsika, kukaika mbale ija patsinde pa mlambe, n'kugwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri njira yonse, koma onse anathawa. Ndinangoti, "Mwafika, gogo. Zikomo. Zikomo kwambiri." Ndinaomba m'manja katatu. Kunalibe mphepo, koma udzu wa m'mbali mwa kanjira kaja unkagwedezeka, kuyambira pafupi, kumka kutali, mpaka pamene maso anga analekezera.

Ndinabwerera m'basi. Mayi uja anasuntha mwana wake ananditambasulira botolo la madzi.

Dzina lake sindinalidziwe mpaka lero. Ndinafunsapo m'midzi ya kumeneko, koma mabanja amene ali ndi wawo amene anapita kunyanja osabwerera ndi ambiri, ndipo aliyense ankati mwina ndi wathu. Ndinawasiya onse akhulupirire choncho. A Mkwapatira anapuma ntchito chaka chotsatira, ndipo mpaka tsiku lomwalira sanaikenso nkhungu pakamwa, ngakhale za kwawo zenizeni.

Iwe unabadwa patapita miyezi isanu ndi iwiri, ukulira ngati wina wakubera. Anamwino asanakusambitse ndinawalanda, n'kuyamba kuwerenga zala zako, za m'manja ndi za kumapazi, kubwereza katatu. Abambo ako ankafuna dzina la m'Baibulo. Ine ndinati ayi, mawu amene ndinanena pa malo aliwonse kuchokera ku Beira ndiwo dzina lako: Tafika.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuthokozera, mwana wanga. Loweruka tikupita ku Mwanza ku ukwati uja. Tikamayandikira mlambewo ndidzakugwedeza, uchotse zam'makutuzo, utsitse galasi la mbali yako. Manja uli nawo, zala zonse khumi, ndinaziwerenga ndekha. Ukaombe wekha.